Kodi nthawi imauluka? Mafunso anu a sabata ino

Mayi wina wa ku Chilenje, amene amamasulira nkhani za zaumoyo, walemba kuti: "Aphunzitsi, ndili ndi nkhani yonena za dopamine ndi chifukwa chimene nthawi imaonekera yaifupi kapena yaitali. Ndalemba kuti 'nthawi imauluka ukamasangalala', koma bambo akunyumba akuti chimenecho si Chinyanja. Akulakwa ndani?"

Amayi, bambowo ali ndi khutu labwino. Kuuluka timasiyira mbalame ndi ndege. Mawu anuwo ndi Chingerezi chovala chitenje. Agogo akacheza ndi anzawo pakhonde mpaka nkhuku kulowa m'khola, amadzidzimuka n'kunena kuti, "Ii, kwada osadziwa!" Ena amati "nthawi yatha osazindikira". Mukafuna mneni wa liwiro, lembani kuti "nthawi yathamanga", palibe adzakutsutseni. Mbali inayo timati "nthawi sikuyenda" kapena "dzuwa laima". Khalani mpando wakumbuyo mu minibasi pa Kulima Tower, thukuta likutsika, kondakitala akufuulabe kufuna anthu atatu otsala kuti idzaze, mudzawanena mawu amenewa popanda wokuphunzitsani. Amene anaonera mapenate a Chipolopolo ndi Ivory Coast ku Libreville pa 12 February 2012 akukumbukira mmene masekondi anatalikira Stoppila Sunzu asanamenye mpira wotsiriza uja wa 8–7.

Ine ndimakonda "osadziwa" chifukwa amaika nkhaniyo mwa munthu, kumene asayansi akuipezanso. Mu 2016 gulu la Joe Paton ku Lisbon linaphunzitsa mbewa kumva kulira kuwiri kotsatizana, n'kusankha ngati mpata wapakati unali waufupi kapena wautali kuposa sekondi imodzi ndi theka. (Abale a ku Chipata musameze malovu, mbewa zimenezi sizinali za ndiwo.) Maselo a mu ubongo otulutsa dopamine, chinthu chimene maselo amatumizirana nacho uthenga, akatakataka kwambiri, mbewa zinkaona mpata wautali ngati waufupi. Akawafooketsa, mpata womwewo unkatalika. Koma musalembe ngati kuti nkhani yathera pamenepo. Zoyesa zakale pa makoswe opatsidwa amphetamine, mankhwala amene amachulukitsa dopamine, zinasonyeza zosiyana: makoswewo ankafulumira kuchita zinthu ngati kuti nthawi yakwana kale. Choncho m'nkhani yanu mneni wabwino ndi "amakhudza". Pewani kunena kuti dopamine "amafupikitsa nthawi" basi.

Mnyamata wa ku Matero akufunsa: "Tinene kuti dopamine wachuluka kapena yachuluka? Nanga tilembe dopamini?"

Achimwene, mverani mmene timanenera zinthu zina zobwera: shuga wakwera, petulo watha, tiyi wazizira, sopo wagwa. Mawu obwereka a zinthu zosawerengeka ngati zimenezi amakonda gulu la "wa", ndiye ine ndimalemba "dopamine wachuluka", "dopamine amatuluka". M'tauni muno mudzamvanso "petulo yatha", ndipo wonena "dopamine yachuluka" sindingamukoke khutu. Chimene chimandinyansa ndi kuyamba ndime ndi "wa" n'kuimaliza ndi "ya". Za kalembedwe, siyani "dopamine" mmene alili. Liwuli silinafike pakamwa pa anthu ngati "kompyuta", ndipo wofufuza pa intaneti akalemba "dopamini" sapeza zambiri.

Funso lachitatu ndi la bambo wina wa ku Kabwata, ndipo landisangalatsa: "Ndinamva wina akuti dopamine ndi mankhwala a chisangalalo a mu bongo. Kodi ndi bongo kapena ubongo?"

Onse awiri ndi athu, bambo. Polemba za thupi ambiri amasankha "ubongo", pamene "bongo" anakhazikika m'mawu oti "mankhwala osokoneza bongo". Vuto la chiganizo munamvacho lagona pomwepo. Mukaika "mankhwala" ndi "bongo" pafupi, womvera amaganiza za chamba ndi apolisi. Ndi bwino kunena kuti dopamine ndi chinthu chimene maselo a mu ubongo amapanga okha potumizirana uthenga. Arvid Carlsson wa ku Sweden ndiye anasonyeza zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2000.

Nalonso liwu loti "chisangalalo" likusocheretsa. Wasayansi Wolfram Schultz, poyesa anyani, anapeza kuti maselo otulutsa dopamine amatakataka kwambiri chabwino chikabwera mosayembekezereka, kapena chikaposa chimene unkayembekezera. Chikalephera kubwera, amakhala chete. Ganizani za magetsi obwera madzulo pamene munataya kale mtima n'kugula makala: ana onse a mukomboni amakuwa. Akamabwera tsiku ndi tsiku pa ola lomwelo palibe amakuwa. Pamenepa mawu oti "chiyembekezo" ndi "kudzidzimuka" ali pafupi ndi zoona kuposa "chisangalalo". Ndipo dopamine ali ndi ntchito ina yosakhudza n'komwe kusangalala. Maselo omupanga akafa m'chigawo cha ubongo chotchedwa substantia nigra, munthu amadwala matenda a Parkinson: manja amanjenjemera, kuyenda kumavuta, ndipo odwala ambiri amavutikanso kuyerekeza kutalika kwa masekondi ochepa.

Pomaliza, mtsikana wa ku Kalingalinga akufuna kudziwa ngati "mailo" angalowe m'nkhani yolembedwa, poti mu Lusaka liwuli limatanthauza dzulo komanso mawa. Pocheza palibe vuto, mneni ndiye amasiyanitsa: "nabwera mailo", "nizabwera mailo". Koma wowerenga wa ku Dedza kapena ku Tete angasokonezeke, ndiye polemba gwiritsani "dzulo" ndi "mawa".