Golo, chigoli ndi ofusayidi: mafunso ochokera kuchigwa cha Shire

Mphunzitsi wina wa ku Ngabu, amene wayamba kuphunzitsa ana mpira wamiyendo, walemba kuti: "Ana anga amati 'tamwetsa golo'. Kodi ndiwakonze?"

Akonzeni anawo, aphunzitsi, koma mofatsa. Golo ndi malo: mitengo iwiri ija ndi mtanda wake, mamita 7.32 mulifupi ndi mamita 2.44 kupita m'mwamba. N'chifukwa chake timati "ali pagolo". Chigoli ndiye chimene chimawerengedwa mpira ukalowa. Apa muwauzenso anawo kuti uyenera kulowa wonse. Mpira umene waima pamzere, ngakhale mbali yaikulu ili kale mkati, si chigoli, kaya ochemerera afuule chotani.

Pa mneni pali ufulu. Kugoletsa, kuchinya ndi kumwetsa onse ndi abwino. Ine ndimakonda kumwetsa chifukwa amachokera ku "kumwa", ndipo amakupatsa mbali zonse ziwiri: wopambana amati "tawamwetsa zigoli 3", wogonja n'kumadandaula kuti "tamwa zitatu". Zigoli zikafanana timati matimu alepherana kapena afanana mphamvu.

Mtsikana wina wa ku Bangula akuti amasewera pagolo ndipo sakondwa anzake akamamutchula goloboyi. Akufunsa ngati pali dzina lina.

Lilipo mwanawe, ndipo dandaulo lako n'lomveka. Mawuwo ali ndi mnyamata mkati mwake, ndipo anazika mizu masiku amene anthu ankati atsikana awo ndi mpira wamanja basi. Lero dziko lili ndi Scorchers, timu yathu ya mpira wamiyendo ya amayi, lili ndi akatswiri ngati Tabitha ndi Temwa Chawinga. Nena kuti wotchinga pagolo, kapena wapagolo ukafuna kufupikitsa. Koma dzina lokha silikupulumutsa kwa woyimbira: manja ako amagwira ntchito m'bokosi mwako mokha, ndipo kuyambira 1992 sukuloledwa kugwira mpira umene mnzako wakubwezera dala ndi phazi.

Poti ndatchula woyimbira, ndiyankhiretu bambo wa ku Nchalo amene akufunsa kusiyana kwa "woyimbira" ndi "oyimbira". Wo- ndi wa munthu mmodzi, o- ndi wa ambiri kapena waulemu. Wosewera mmodzi, osewera 11. Ndiye mukamva pabwalo la Kalulu wina akukuwa kuti "oyimbira akondera!" pamene mwini wenzulo ndi mmodzi, Chichewa chake n'cholondola. Ulemu wake ndi umene ndikuukayikira.

Funso lovuta lachokera ku Nsanje: "Ofusayidi m'Chichewa ndi chiyani? Kuno ena amangoti wabisala."

Musavutike kupeka mawu atsopano, bambo. Ofusayidi, penate, kona ndi fawulo analowa kale m'chiyankhulo monga analowera sukulu ndi sopo, ndipo mwana wosewera chikulunga pamchenga amawadziwa asanaphunzire Chingerezi. "Wabisala" amakoma kumva, koma amasocheretsa, chifukwa amapangitsa ana kuganiza kuti mlandu ndi kuima kuseri kwa adani. Lamulo silitero. Chimene woyimbira amayang'ana ndi pamene unali panthawi imene mnzako amamenya mpira, osati pamene waulandirira. Ngati panthawiyo unali m'chigawo cha adani, kutsogolo kwa mpira, ndipo pakati pa iwe ndi mzere wagolo panalibe adani osachepera awiri, ndiye kuti unali pa ofusayidi. Wapagolo amawerengedwa mwa awiriwo, n'chifukwa chake ambiri amangoona ngati lamulo likunena za wotchinga kumbuyo mmodzi. Ukakhala pamzere umodzi ndi mdani wachiwiriyo, palibe mlandu. Ngakhale utakhala pa ofusayidi, wenzulo imalira pokhapokha wakhudza mpira kapena wasokoneza mdani.

Ndipo mpira wolandira mwachindunji kuchokera pakona, woponyedwa ndi manja kuchokera kunja, kapena womenyedwa pagolo utatuluka, ulibe ofusayidi. Lamulo ili ndi limene limayambanitsa midzi Lamulungu madzulo, choncho mukamaphunzitsa ana muyambire pomwepa.