Campervan yanu ndi nyengo yozizira ya ku Britain

Abale anga amene mwangofika kumene kuno, ndikuona ena mwagula campervan yakale, galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira, kuti muzikayendera ku Wales kapena ku Scotland pa tchuthi, ena mukugonamo podikira kupeza nyumba. Galimoto zimenezi zimawonongeka kwambiri zitangoima, kuyambira November mpaka March, ndipo chimene chimazipha ndi madzi.

Kwathu, ngakhale ku Dedza mu June, madzi saundana m'mapaipi, n'chifukwa chake ambirife sitiziganizira n'komwe. Kuno kukazizira kufika pa 0°C, madzi amaundana n'kufufuma ndi 9 peresenti, ndipo paipi, pampu kapena boiler (chotenthetsera madzi) zimang'ambika. Simudziwa kanthu mpaka mu April, mukadzatsegula mpopi madzi n'kuyamba kutulukira pansi pa kabati. Ndiye October asanathe, khuthulani thanki ya madzi abwino ndi ya madzi akuda yomwe. Tsegulani valavu ya boiler, mipopi yonse muisiye yotsegula, chogwirira chili pakati pa otentha ndi ozizira. Mutu wa shawa muuchotse n'kuukutumula. Yatsani pampu pang'ono kuti otsalira atuluke, kenako yendani nayo galimotoyo kamtunda kakafupi mavalavu ali chitsegukire. Kathanki ka madzi ogujumulira m'chimbudzi ndi kamene anthu amakaiwala.

Madzi ena amalowera kumtunda, ndipo awa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa amawononga mwakachetechete. Kwerani pa makwerero muone zomatira za m'mbali mwa mawindo ndi za zenera la padenga. Mukaona ming'alu, palani zakalezo zonse, pukutani pouma, mumate ndi chomatira chotchedwa Sikaflex. Silicone wa m'bafa musayerekeze, amamatuka msanga. Mkati, dinikizani khoma ndi chala m'makona ndi m'makabati. Likakhala lofewa, matabwa ayamba kuwola. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo, ndipo kakaonetsa kupitirira 20 peresenti pitani kwa odziwa ntchitoyi. Matiresi ndi makushoni muziimiritse kapena mukasunge m'nyumba, zitseko za makabati zikhale zotsegula kuti mphepo izidutsa.

Inu amene mukugonamo, mverani bwino za gasi. Silinda yabuluu ya kampani ya Calor ndi ya gasi wa butane, ndipo kukazizira kuyandikira 0°C gasiyo satulukanso. Tengani yofiira, ya propane, pamodzi ndi regulator yoyenera (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka m'silinda). Gulaninso alamu ya carbon monoxide lero lomwe. Mpweya umenewu sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Musatseke timabowo tolowetsa mphepo ngakhale kuzizire chotani, ndipo musaothere moto wa chitofu chophikira. Chonde, apa pokha musanyozere.

Mabatire alipo awiri, loyatsira injini ndi la magetsi a mkati. Lodzaza limaonetsa 12.6 volts kapena kuposerapo pang'ono. Likatsika kufika pa 12.2, litchajeni, chifukwa batire losiyidwa lopanda moto m'chisanu nthawi zambiri silidzukanso. Kulitchaja kamodzi pamwezi n'kokwanira.

Mchere umene amawaza m'misewu umabweretsa dzimbiri, choncho tsukani kunsi kwa galimoto musanaiimike. Pamalo athyathyathya, isiyeni mu giya, muike zotsamiritsa kumatayala m'malo mokoka handibuleki, imene imakakamira ikakhalitsa. Chakudya chonse chotsanimo, makoswe amatafuna ndi mawaya omwe.

Za mapepala nazo musazigonere. Galimoto yopitirira zaka zitatu imafuna MOT (kuyezedwa ngati ili bwino kuyenda pamsewu) chaka chilichonse. Ngati simuiyendetsa nyengo yonseyi, lembetsani SORN (chidziwitso chakuti galimoto siikuyenda pamsewu) ku DVLA, bungwe la boma loona za galimoto ndi malaisensi, kuti musamalipire msonkho wa pamsewu, koma ikatero iyenera kuima pamalo a eni, monga pabwalo la nyumba, osati m'mbali mwa msewu. Ndipo kumbukirani kuti laisensi ya ku Malawi imakulolani kuyendetsa kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala kuno, choncho miyezi imene galimoto yaimayi muigwiritse ntchito pokonzekera mayeso a laisensi ya kuno.