Za Magalimoto: Buleki inafewa potsika pa Chowe

FUNSO: Akulu, ine ndimakhala pa Mangochi boma, ndabwera kumene kuchokera ku Joni ndi Golf GTI ya turbo yomwe ndinaivutikira zaka zambiri. Ndimakonda kukwera nayo mseu wa ku Namwera chifukwa cha makona aja, galimoto imamata pansi moti mtima umachita kukoma. Koma sabata yathayi pobwerera, ndikutsika pa Chowe, buleki inafewa, ndikaponda imangolowa pansi, kumatayala kukununkha zopserera. Pofika pa mlatho wa Bakili Muluzi inali itayambanso kugwira. Galimoto yafa kapena vuto ndi ine?
Wowerenga, Mangochi

YANKHO: Achimwene, choyamba thokozani Mulungu kuti mwatilembera muli amoyo, chifukwa mtsetse umene uja si wamasewera. Galimoto yanu sinafe, mabuleki munawawotcha. Mukamatsika phiri phazi lili pa buleki osachotsa, mapadi ndi madisiki amatentha kwambiri mpaka brake fluid, mafuta a mabuleki aja, imawira, nde ikawira imapanga mpweya mumapaipi, mpweyawo umafinyika ndiye chifukwa chake pedulo inkangolowa. Itazizira inabwerera, koma musanamizike kuti zatha. Fluid imakoka chinyezi ikakhalitsa, ikatero imawira msanga, nchifukwa chake imafunika kusintha zaka 2 zilizonse, ndipo ndikukayika ngati amene anakugulitsani uja anasinthapo. Pitani kwa makaniko akhetse yonse, aike yatsopano, aonenso mapadi.

Tsopano kayendetsedwe, apa mpamene ndikufuna mundimvetsetse. Potsika, injini ndi imene izigwira galimoto. Ikani giya 2 kapena 3, ngati yanu ndi ya otomatiki ikankhireni ku manual muzitsitsa nokha, ilire choncho palibe chikuwonongeka. Buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa nkuisiya ipume, osati kuikhudza pang'onopang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pakona malizani kuchepetsa liwiro chiwongolero chisanakhote, mulowe modekha, faya muziwonjezera mukaona potulukira. GTI imakoka ndi matayala akutsogolo, omwewo ndi amene akukhotanso, nde mukawapatsa moto wambiri pakati pa kona mphuno imapita panja, inu mukukhotetsa iyo ikupitirira molunjika, ndipo pa Chowe kunjako ndi kuphompho kapena kutsogolo kwa thiraki yochokera ku Chiponde. Khalani kumanzere kwanu, musadule kona ngakhale mseu ukuoneka ngati ndi wanu nokha.

Ine kukoma kwa galimoto yamphamvu pamakona ndimakudziwa, sindikukuletsani. Koma misewu yathu ino timagawana. Kuseri kwa kona kuli wa kabaza wanyamula matumba a makala, kuli mbuzi, kuli ana ochokera ku madrasa, Lachisanu masana anthu ali mbwee kutuluka mu mzikiti. Mseu wa ku Cape Maclear nawo ndi wokoma koma ngwopapatiza, anyani amangokhala pa tala penipeni, ndipo mvula ikagwa mchenga umatsikira pamakona, tayala likauponda siligwira. Liwiro mukalichulukitsa kawiri, mtunda woti muime umachuluka kanayi, ngakhale mabuleki akhale abwino bwanji. Ndiye thamangani poti mungathe kuima pamtunda umene maso akuona basi, ndipo pa trading centre liwiro ndi makilomita 50 pa ola, musapyole.

China, matayala opyapyala aja anapangidwira misewu yosalala, kuno dzenje limodzi rimu yapindika kapena tayala latupa m'mbali. Lotupa musaliyendere, limaphulika, makamaka kutentha kwa mu October kuno kunyanja. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mahampu muzikwera mwachifatse, galimoto imeneyo ndi yaifupi, mungaboole sampu, posungira oyilo pansi pa injini, oyilo nkuthera panjira.

Mukakwera phiri mwamphamvu musazimitse injini pompo mukafika pa Namwera, isiyeni ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Ndipo zikadzakuchitikiraninso za kufewa zija, tsitsani giya, popani pedulo, pezani malo abwino muime pambali mudikire mpaka fungo lithe, madisiki musawathire madzi, amapindika.