Klorini ndimathira, nanga zoterera zija sizikutha bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi chigubu chosungiramo madzi ndipo sabata iliyonse ndimachitsukuluza ndi klorini, koma pakangopita masiku ochepa mkati mumayambanso kuterera. Kodi mankhwalawa ndi feki kapena ndikulakwitsa penapake?

YANKHO: Mankhwala anuwo mwina alibe vuto ayi. Zotererazo asayansi amazitcha biofilm, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tamatirira pakhoma pachigubucho n'kudzikutira ndi zinthu zonanda zomwe timatulutsa tokha. Mukathira klorini amayamba kulimbana ndi zonandazo ndipo mphamvu zake zimathera pomwepo asanafike pansi, ta pamwamba timafa inde koma ta mkati timangokhala phee, ndiye tina mwa ito timakhala ngati tagona, sitidya kwenikweni sitiswana, moti mankhwala ambiri satikhudza msanga. Pakapita masiku tayambiranso.

Izitu si zachilendo. Wasayansi Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands anaziona kale m'zaka za m'ma 1680, ankapala zoyera zokakamira m'mano mwake n'kuziika pa maikulosikopu, ndipo anapeza kuti viniga ankapha tizilombo ta kunja kokha, ta mkati tili moyo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti m'zotererazo simukhala mtundu umodzi, mumakhala mabakiteriya osiyanasiyana, nthawi zina ndi mafangasi omwe, ndipo amatetezana. Ena amatulutsa zonanda zambiri anzawo osalimba n'kubisalamo. Ena ngati Pseudomonas aeruginosa amapanga enzayimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu) yotchedwa catalase yomwe imaphwanya hydrogen peroxide, mankhwala ena ophera tizilombo, kukhala madzi ndi okosijeni basi, ndiye oyandikana nawo amapulumukira pomwepo. Ngakhale bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus amakakamira pa timaulusi ta fangasi ya Candida albicans n'kutetezedwa ndi zonanda zake. N'chifukwa chake mlingo womwe umapha tizilombo tongoyandama m'madzi umalephera pa tomwe tamatirira pamodzi.

Ndiye chonde musangowonjezera klorini, komanso musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chifukwa pamatuluka mpweya woopsa. Khuthulani madzi onse, tengani bulashi ndi sopo mukweche mpaka chala chikamadutsa pakhomapo chisatererenso, osaiwala m'makona, pa chivindikiro ndi pa mpopi ngati ulipo. Tsukuluzani bwino, kenako ndiye muthire klorini pa mlingo wolembedwa pa botolo, mumusiye mphindi zomwe alembapo asanaume, mutsukuluzenso n'kuchisiya chiume. Ngati mkati mwake munakandikakandika kwambiri moti bulashi sifika m'ming'alumo, chigubu chimenecho ndi chofunika kusintha.