Mwana wanu sanalodzedwe, amayi

Mayi wina wa ku Balaka wandilembera za mwana wake wamwamuna wa zaka 12, yemwe wabwereza Sitandade 5 kawiri. M'kalasi mukachuluka phokoso amatseka makutu n'kumadzigwedeza, sayang'ana munthu m'maso, koma akayamba kukamba za mawailesi ndi mabatire salekeza. Achibale akuti analodzedwa, aphunzitsi akuti ndi mwano ndipo amamukwapula. Mayiwo afunsa kuti: "Ndimusiyitse sukulu? Nanga mankhwala oti akhale ngati anzake alipo?"

Amayi, musamusiyitse sukulu. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi za ana omwe ali ndi autism, koma dzina lenileni adzakuuzani ndi achipatala akamuona maso ndi maso. Yambani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, amuyeze makutu ndi maso, ndipo muwauze ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, chifukwa malungo ofika ku ubongo amatha kusintha khalidwe ndi kaphunziridwe ka mwana. Ngati pangafunike akatswiri, adzakutumizani ku Queens ku Blantyre kapena ku Zomba. A St John of God, omwe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandizanso pa za m'maganizo.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe landikhudza mtima. Autism si matenda oti munthu amwe mankhwala n'kuchira, ndipo si ufiti kapena chilango cha makolo. Ndi mmene ubongo wake unapangidwira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Judy Singer wa ku Australia anathandiza kufalitsa mawu oti neurodiversity, kutanthauza kuti ubongo wa anthu ndi wosiyanasiyana monga zilili zala za dzanja limodzi. Autism, ADHD (kuvutika kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) ndi dyslexia (kuvutika kuwerenga ndi kulemba) zili m'gulu limeneli. Alangizi omwe amatsata maganizo amenewa salimbana ndi kumusandutsa mwana kuti afanane ndi anzake. Amafufuza chomwe chikumupweteka ndi njira yomwe iye amaphunzirira bwino.

Tengani nkhani ya kudzigwedeza ija. Kwa inu ndi chinthu chochititsa manyazi pagulu, ndikumvetsa. Kwa iye ndi njira yodzikhazika mtima pansi pamene phokoso la ana oposa 100 m'chipinda chimodzi lamufika pakhosi. Mukamuletsa ndi ndodo, phokosolo silichoka; chomwe mwamulanda ndi chida chake chopiririra. Chimodzimodzi kuyang'ana m'maso: ambiri omwe ali ndi autism amati amamva bwino zomwe ukunena akamayang'ana kumbali. Tikamawakakamiza kubisa zonsezi tsiku ndi tsiku amatopa kwambiri, ndipo ena amakula ndi nkhawa komanso kudziona ngati achabechabe. Choncho mlangizi aliyense amene mungakumane naye, mumufunse kuti cholinga chake ndi chiyani. Akati akufuna mwanayo asiye kudzigwedeza kuti aoneke "wabwinobwino", fufuzani wina. Akayamba ndi kumufunsa mwanayo yemwe chomwe chimamuvuta, ameneyo mugwireni.

Kusukulu pitani nokha mukaonane ndi ahedi, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Kukwapula ana m'sukulu n'koletsedwa. Pemphani kuti azikhala kutsogolo cha kukhomo, aziloledwa kutuluka pang'ono phokoso likamukulira, ndipo malangizo azimupatsa amodziamodzi, olembedwa ngati n'kotheka. Zimenezi sizifuna ndalama. Funsaninso kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ngati m'zoni mwanu muli resource centre (chipinda chophunzitsiramo ana ofunika chithandizo chapadera) kapena mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Akadzayandikira Sitandade 8, ahedi amulembetse msanga ku MANEB ngati wophunzira wofunika chithandizo chapadera, kalata yachipatala ili m'manja.

Tsono za mawailesi zija musazione ngati zotayitsa nthawi. Temple Grandin, wobadwa mu 1947 ku America, anachedwa kulankhula ali mwana, ndipo chidwi chake pa ng'ombe chinamufikitsa pa uprofesa ku Colorado State University. Sikuti mwana aliyense adzafika pamenepo, ndipo wanuyu sayenera kutchuka kuti akhale wofunika. Koma chidwi chotere ndi khomo lolowera. Masamu muphunzitseni powerengera mabatire ndi mavolts ake, kuwerenga ayeserere pa zolembedwa kumbuyo kwa wailesi. Loweruka lina mumutengere kwa wokonza mafoni wodalirika pamsika akaonerere. Akadzakula, maphunziro a zamagetsi ndi za sola kudzera ku TEVETA ndi njira yolemekezeka yopezera ntchito.

Mwatchulanso kumapeto kwa kalata kuti bambo ake nawonso sakonda pagulu ndipo anthu amati ndi odzikonda. Autism imayenda m'magazi kawirikawiri, ndipo akuluakulu ambiri amadzizindikira pamene mwana wawo akuyezedwa. Tsiku lopita kuchipatala mutengane onse atatu, ndipo ngati bambowo angafune, apemphe nawonso kucheza ndi mlangizi paokha.