Chifukwa chake mabwalo a ndege aang'ono sanadzukebe chichokereni Covid-19

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mliri unatha kale ndipo pa mabwalo aakulu a ndege a ku Britain kuno monga Heathrow ndi Manchester anthu akuchita kupondana, zatheka bwanji kuti bwalo la ndege la ku Doncaster litsekedwe, ndiponso kuti abale athu a ku Cardiff azikwerabe basi usiku kupita ku London akafuna kukaona kumudzi. Ena ayankha kale kuti eni mabwalowa sanayendetse bwino zinthu. Mwina penapake n'zoona, koma gwero la nkhaniyi lili pa mmene bwalo laling'ono limapezera ndalama.

Ndalama zimalowa njira ziwiri. Yoyamba ndi zomwe kampani ya ndege imalipira ndege yake ikatera, kuphatikizapo kangachepe pa wokwera aliyense. Yachiwiri ndi zomwe ifeyo timasiya pansi tisanakwere: kuimika galimoto masabata awiri, khofi ndi sangweji podikira, lendi ya mashopu, makampani obwereketsa magalimoto. Pa mabwalo aang'ono njira yachiwiriyi ndiyo imadyetsa, chifukwa makampani a matikiti otchipa ngati Ryanair ndi Wizz Air salola kulipira zambiri, ukawakwezera mtengo amangosamuka. Ndiye wokwera akasowa, njira zonse ziwiri zimauma tsiku limodzi.

Koma zolipira sizichepa. Kaya patera ndege makumi atatu kaya imodzi yokha, lamulo limafuna kuti ozimitsa moto akhale tcheru ndi magalimoto awo, otsogolera ndege akhale mu nsanja pa wailesi, achitetezo akhale pa geti, magetsi a msewu woterapo ndege aziyaka, mpanda uziyenderedwa. Mu Epulo 2020 zinali choncho: poimika magalimoto pali mbee, mashopu otseka ndi zitsulo, koma ozimitsa moto ali pa shifiti kudikira ndege imodzi ya katundu kapena yonyamula odwala. Mabwalo onse a ku Britain kuno anaona okwera pafupifupi 300 miliyoni mu 2019, koma mu 2020 sanakwane 75 miliyoni. Heathrow inaluza ndalama zoopsa nayo, komabe mabanki amaikongoza mosavuta podziwa kuti anthu adzabwerera. Bwalo lomwe ngakhale nthawi ya mtendere linkavutika kukwanitsa zolipira zake, ndani angalikongoze?

Pali chinthu china chomwe ambiri timaiwala. Kampani ya Flybe, yomwe inkalumikiza mizinda ing'onoing'ono, inagwa pa 5 Malichi 2020, boma lisanalamule n'komwe kuti tikhale m'nyumba pa 23 Malichi. Inali ikudwala kale, mliri unangomalizitsa. Ku Southampton, pa ndege khumi zilizonse pafupifupi zisanu ndi zinayi zinali za Flybe. Ku Belfast City ndi ku Exeter nakonso inali ndiyo msana. Mabwalo amenewa anadzuka m'mawa kasitomala wawo wamkulu kulibe, ndipo panalibe kampani ina yoti ilowe m'malo chifukwa patangopita masabata ochepa pafupifupi ndege zonse za okwera zinaimikidwa. Ku Carlisle ndege za okwera zinali zitangoyamba mu Julayi 2019, zinaima mu Malichi 2020, osayambanso.

Boma linathandizako. Linkalipira 80 peresenti ya malipiro a ogwira ntchito omwe akhala kunyumba, koma thandizo limeneli silinkakhudza munthu yemwe lamulo likufuna kuti akhale pa ntchito. Thandizo lolunjika mabwalo a ku England, lofika mapaundi 8 miliyoni pa bwalo limodzi, linabwera mu Januwale 2021, miyezi khumi chiyambireni mavuto. Mwezi womwewo Malawi ndi Zambia anaikidwa pa mndandanda wofiira uja wa mayiko omwe ochokerako sankaloledwa kulowa momasuka chifukwa cha mliri, ndipo amene munabwerera kuchokera kumudzi nthawi imeneyo mukukumbukira kubindikiritsidwa mu hotela ya mapaundi 1,750. Munkaloledwa kulowera pa mabwalo ochepa osankhidwa, monga Heathrow, Gatwick ndi Birmingham. Anthu ochepa omwe ankayendabe ankakankhidwira ku mabwalo aakulu.

Pomwe pali yankho lenileni la funso lanu ndi pa zomwe zinachitika mliri utazizira. Makampani a ndege anatuluka ali ndi ngongole, ndege zochepa ndi antchito ochepa, ndiye anayamba kusankha pobwerera. Zili ngati dalaivala wa minibasi yemwe watsala ndi galimoto imodzi: amakaima pa depoti podzaza msanga, sapita pa siteji ya anthu atatu. Ndege ili ndi mapiko, bwalo lilibe. Ku Southend, komwe kunadutsa anthu opitirira 2 miliyoni mu 2019, easyJet inachotsa ndege zake mu 2020, Ryanair n'kutsatira mu 2021, ndipo chaka chimenecho okwera sanakwane 100,000. Qatar Airways, yomwe inayamba kutera ku Cardiff mu 2018 ndipo inkathandiza kwambiri opita kutali, inaima mu 2020. Onjezerani kuti anthu a maofesi, omwe ankadzaza ndege zing'onozing'ono za m'mawa kupita ku misonkhano n'kubwerako madzulo, anazolowera misonkhano ya pa intaneti ya Zoom ndi Teams. Amenewo ndiwo ankagula matikiti odula, ndipo ambiri sanabwerere.

Zikafika pamenepa, bwalo kupulumuka kapena kufa zimatengera mwini wake. La ku Cardiff ndi la boma la Wales, lomwe linaligula mu 2013 pa mapaundi 52 miliyoni. Okwera atatsika kuchoka pa 1.6 miliyoni mu 2019 kufika pa 220,000 mu 2020, bomalo mu Malichi 2021 linakhululuka ngongole ya mapaundi 42.6 miliyoni n'kulonjezanso thandizo la ndalama zofanana nazo. Bwalolo lilipo, ngakhale mu 2023 okwera anali asanafikebe pa 1 miliyoni. La ku Doncaster linali la kampani ya Peel Group, yomwe inalitsegula mu 2005 pa malo akale a ndege za nkhondo, ndipo eni akewo ananena kuti silinapangepo phindu. Wizz Air itachotsa maulendo ake ambiri mu 2022 kunatsala kampani ya TUI, ndipo mu Novembala chaka chomwecho bwalo linatsekedwa. Anthu mazanamazana anachotsedwa ntchito, oyeretsa, onyamula zikwama, alonda, ophika, ntchito zomwe ambiri a ife timazidziwa bwino kulemera kwake. Khonsolo ya Doncaster inasainirana ndi Peel mu 2024 kuti ibwereke malowo zaka 125 pofuna kulitsegulanso, koma kutsegula geti ndi kwina, kukopa kampani ya ndege kuti ibwere n'kukhazikika ndi kwinanso.

Ine ndimaona kuti boma liyenera kugwira dzanja mabwalo omwe anthu alibe njira ina, monga a pa zilumba za ku Scotland kapena Newquay ku Cornwall, komwe sitima yopita ku London imadya theka la tsiku. Kumeneko ndege imanyamula odwala opita kuchipatala, si za tchuthi zokha. Pomwe pali bwalo lina lalikulu pafupi, ngati Bristol kwa a ku Cardiff, nkhani imavuta, ndipo odandaula za misonkho yawo ndimawamvetsa. Koma zimandiwawa kuona banja la ana atatu ndi zikwama za makilo 23 aliyense likudikira basi pakati pa usiku m'nyengo yozizira, bwalo la ndege lili mumzinda mwawo momwemo.

Pa ulendo wanu wa ku Lilongwe, musanagule tikiti ya ku Heathrow yang'anani kaye kampani ya ndege ya KLM. Imanyamuka pa mabwalo aang'ono angapo monga Humberside, Leeds Bradford, Teesside, Norwich ndi Cardiff kupita ku Amsterdam, kenako Nairobi, komwe mumalumikiza ndi Kenya Airways. Mtengo umaoneka wokwera, koma muwerengere basi, chakudya cha panjira ndi tsiku la ntchito lomwe mutaye. Mugule ulendo wonse pa tikiti imodzi kuti zikwama zizingodutsa zokha, ndipo ndege yoyamba ikachedwa udindo wokupezerani ina ukhale wa kampaniyo.