Buku la malamulo la amalume lamugwetsa mwana mayeso

Mayi wina walemba kuti mwana wawo, yemwe ali chaka chachiwiri cha maphunziro a zamalamulo, walephera mayeso a public law, phunziro la malamulo okhudza boma ndi nzika zake. Akuti anamupatsa buku la malamulo osindikizidwa limene amalume ake ankaphunzirira kale, ndipo anamulamula kuti aziloweza masamba asanu tsiku lililonse. Akufunsa ngati mwanayo wayamba ulesi.

Mayi, makalata otere ndi ochuluka, ndipo pepani, vuto layambira kwa inu. Bukuli limangosonkhanitsa mawu a malamulo monga analili tsiku losindikiza. Tsikulo limalembedwa pa masamba oyambirira, kaliyang'aneni. Nyumba ya malamulo simasiya kusintha malamulo chifukwa choti buku latuluka. Ku Britain lamulo la Fixed-term Parliaments Act la 2011 linathetsedwa mu 2022, choncho wophunzira wa kumeneko amene ali ndi buku la 2015 angayankhe molimba mtima za lamulo loti linafa. N'chifukwa chake maloya ambiri amakonda mabuku omasula masamba, oti tsamba lakale amachotsa n'kuikapo latsopano.

Kulowezako ndiye kutaya nthawi. M'mayunivesite ambiri bukuli amalola kulowa nalo m'mayeso, ndiye mphunzitsi sangapereke malikisi pa mawu ongokopera. Amafuna kuona ngati wophunzira akudziwa tanthauzo limene makhothi anapereka pa mawuwo. Taonani gawo 80 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi, lokhudza chisankho cha mtsogoleri wa dziko: mawu akuti majority anali omwewo kwa zaka zambiri, koma pa 3 February 2020 khothi linagamula kuti akutanthauza mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Wongoloweza sakanazipeza zimenezo m'buku la amalume.

Mwanayo apeze buku la chaka chino limene mphunzitsi wake watchula, ndipo aziyenda nalo m'kalasi mpaka azitha kutsegula gawo lofunika osasakasaka. Akatenga lamulo, ayambe ndi gawo lotanthauzira mawu, aone tsiku limene lamulolo linayamba kugwira ntchito, kenako zowonjezera za kumapeto, zomwe ophunzira ambiri amazidumpha. Asiyanitse mawu achingerezi akuti shall ndi may: loyamba nthawi zambiri limakakamiza, lachiwiri limapereka mpata wosankha. Gawo lililonse lofunika aliyerekeze ndi gazeti ya boma, ndipo milandu yokhudza gawolo ailembe m'kope lina.

Ndati m'kope lina dala. Masukulu ambiri amalola kudula mzere pansi pa mawu basi, ndipo buku lolembedwa manotsi m'mphepete amalanda pakhomo, mwinanso kumuganizira mwana kuti amafuna kubera. Afunse malamulo a mayeso asanaligwiritse cholembera.

Nayenso mwanayo ali ndi mlandu, chifukwa wa chaka chachiwiri anayenera kuona yekha kuti anzake anyamula buku lina. Komabe phunziroli ambiri amakhoza akalibwereza. Inu mugulireni buku latsopanolo, zoloweza masamba asanu zija muzisiye.